A Nambewe a Patsala

Fungo la nsatsi zokazinga likangondifika m'mphuno, ngakhale lero pamene maso achita nkhungu ndipo mawondo akukana chitunda, ndimapezeka ndili pakhonde la a Nambewe, kuseri kwa nkhokwe zathu, m'munsi mwa phiri la Mphunzi. Ndimaona phale lakuda lili pamafuwa, nsatsi zikuthetheka ndi kudumpha, utsi wowawa ukukwawa pansi pa tsindwi chifukwa chisanu cha m'mawa chinkaukaniza kukwera, iwo atagwada, nsalu yabiliwita atamanga m'chifuwa, akuvundula ndi kamtengo osayang'ana kumbali. Akatha kukazinga ankasinja, akatha kusinja ankawiritsa mumphika wakewake umene sunkaphikidwamo china chilichonse, kenako n'kumatapa mafuta oyandama pamwamba ndi chigoba cha nkhono, pang'onopang'ono, kuthira m'kansupa. Akazi a m'mudzi ankagwira ntchito imeneyi awiriawiri kapena atatu, akuseka ndi kujeda anzawo. A Nambewe ankaigwira okha.

Ine ndinali kamtsikana, mano akutsogolo atangomera kumene, zaka zija nkhondo ya Azungu isanayambe kudya amuna a kwathu. M'maso mwanga a Nambewe anali munthu wamkulu, koma ndikaganiza tsopano ndimaona kuti anali mwana, wongochoka kumene m'chinamwali. Anali afupi, akuda bii, a mawu aakulu osayenerana ndi thupi lawo. Nyumba yawo inali patsala la agogo anga, munda wakale umene unatopa n'kusiyidwa, ndipo panalibe njira yopita kumeneko kupatula kanjira kamene ndinaponda ine ndi mapazi anga.

Chimene chinawaika patsala ndinachimva pang'onopang'ono, china kwa amayi, china kwa akazi a pachitsime. Pakati pa ife ndi mudzi wa kutsidya pankadutsa kamtsinje kakang'ono, koti m'chilimwe mwana ankawoloka osanyowa mawondo. Tsidya lino, chakumtunda, kunali mbumba ya a Gwaza, amalume awo a a Nambewe. Tsidya linalo kunali mbumba ya a Mtalika, kumene anabadwira amuna awo, a Kamwendo. Kale ine ndisanabadwe, kwa a Mtalika kunamwalira mwana, ndipo anthu a kumeneko analoza chala agogo awo a a Nambewe kuti ndiwo anamudya. Anawamwetsa mwabvi pabwalo, mankhwala aja oyesera mfiti. Sanasanze. Anagwa pomwepo anthu akuona. A kutsidya anati ufiti waoneka poyera. A kwa Gwaza anati wosakaniza mwabvi anapatsidwa mbuzi. Kuyambira pamenepo mabanja awiriwa sanapalanenso moto, sanayenderane pamaliro, ndipo nkhuku ikawoloka kamtsinje, mwini wake ankangoiyesa yotayika.

Amayi ankati chinayambitsa zonse ndi mtondo. A Nambewe akadali mtsikana kwa amalume awo, ankakonda kuimba posinja, ndipo mawu awo ankatsetsereka mpaka kudambo. Kutsidya, a Kamwendo ankalondera anyani m'dimba, ali ndi kaligo, kachoimbira ka chingwe chimodzi kamene anapanga okha ndi chikopa cha ng'azi. Mtsikana akaimba, kaligo ankayankha nyimbo yomweyo. Mtsikana akasintha nyimbo, kaligo ankasinthanso. Anthu anamva nyengo yonse ya mondokwa, n'kumati ndi masewera a ana. Pofika nthawi ya bowa, awiriwa anali atayamba kukumana m'phiri, ndipo nyimbo imene a Nambewe ankaimba pamtondo sinalinso yobisa:

"Kamtsinje n'kakang'ono, mbuzi imalumpha,
chondikanika ine n'chiyani, mayi?"

A Kamwendo atatuma mawu ofunsira mbeta, a Gwaza anayankha kuti, "Mkamwini wochokera kwa Mtalika adzalowa muno podutsa pamanda a mayi anga?" A Mtalika nawo anauza mphwawo, a Kamwendo, kuti, "Ukakwatira mdzukulu wa mfiti, ana ako usadzabwere nawo kuno." Panalibe ndi mmodzi yemwe, tsidya lino kapena linalo, amene anavomera kukhala nkhoswe. A Nambewe anamenyedwa, anawapititsa kwa azakhali awo kuseri kwa phiri, koma anabwerako wapansi miyendo itatupa. Mapeto ake awiriwa anadzagwada pakhomo la agogo anga, amene sanali a banja lililonse mwa awiriwo. Agogo sanali munthu wa chifundo chooneka. Anangoti, "Tsala lija palibe akulima. Koma musadzandiitane pamilandu yanu."

A Kamwendo anadula mitengo okha, anafolera okha. A Nambewe anamata ndi kuzira okha. Panalibe mowa, panalibe nthungululu. Anangolowa.

Amayi ankandiletsa kupitako kawirikawiri, poopa pakamwa pa anthu, koma sankandikalipira kwenikweni akandiona ndikuchokerako tsitsi likunyezimira mafuta. Ndinkakonda kumeneko chifukwa kunali kuseka. A Kamwendo anali aatali, oonda ngati nsungwi, ndipo ankalankhula ndi ine ngati ndine mlendo wolemekezeka. "Mwafika, a Ndaziona? Landirani mpando," ankatero akundikankhira chitsa. "Mudzi uno ndi wa anthu awiri. Mfumu ndi awa, ine ndine nduna, wopalamula ndine ndemwe." A Nambewe ankaseka atagwira pakamwa n'kuwagenda ndi chitsononkho. Dzuwa likapendeka, a Kamwendo ankatsamira chipupa n'kuyamba kukweza kaligo, akazi awo akupeta, lichero likugunda m'manja motsatana ndi nyimbo, mankhusu akuuluka kulowera kudambo. Sindinaonepo kwathu abambo ndi amayi atakhala moyandikana chotero dzuwa likadali kunja.

Koma kuseka kumeneko kunkathera pamalire a tsala. Tsiku lina ndikuthandiza a Nambewe kutola nsatsi m'mphepete mwa njira ya kudambo, tinaona amayi awo owabala akubwera atasenza mtolo wa udzu. A Nambewe anaika dengu pansi, anagwada m'fumbi, nawomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

Mayi aja anatembenuza khosi pamodzi ndi mtolo wonse, nayang'ana kuphiri mpaka atatidutsa. Udzu unakhudza phewa la mwana wawo, koma iwo sanacheuke. A Nambewe anakhalabe chogwada mpaka mapazi atasiya kumveka. Atadzuka anasasa mawondo, n'kutola dengu.

"Bwanji mumawapatsabe moni, chikhalirecho sayankha?" ndinafunsa.

"Moni ndi wanga," anatero. "Kuyankha ndi kwawo."

Kenako inafika nkhondo. Ife sitinaione, tinkangomva kuti Azungu akumenyana kutali kumpoto ndipo akufuna anthu owasenzera katundu, a tengatenga. Mudzi uliwonse unkayenera kupereka amuna. Mphekesera zikamveka kuti amesinjala a boma ali m'njira, abale ankanong'onezana, amuna n'kuthawira m'mapanga a m'phiri. Abambo anga nthawi imeneyo anali ku Halale kokagwira ntchito, choncho pakhomo pathu panalibe wodzamuchenjeza, ndipo mawu sanatifike. Patsala sanafikenso. Amesinjala atapeza midzi yonse iwiri muli nkhalamba ndi akazi okhaokha, anakalipa. A kwa Gwaza anati, "Tili naye mkamwini patsala." A kwa Mtalika anati, "Mwana wathu ali patsala." Tsiku limenelo lokha ndi limene midzi yonse iwiri inawerenga a Kamwendo kuti ndi wawo.

Anawapeza ali pamwamba pa nkhokwe akumanga denga, luzi lili kukamwa. Anatsika okha osalimbana. Anawamanga chingwe m'chiuno n'kuwalumikiza kwa amuna ena amene anagwidwa m'midzi ya m'njira. A Nambewe anali ndi pakati pooneka. Analowa m'nyumba mothamanga, natuluka ndi mbatata zootcha atakulunga m'masamba, n'kuthamangira mzere uja mpaka pamphambano, ine ndili pambuyo. Mesinjala mmodzi anawalola kupereka. Ndinkayembekeza kuti a Kamwendo anena mawu aakulu, koma anangoyang'ana akazi awo, kenako nyumba, nati, "Kaligo uja musamusiye pansi. Chiswe."

Mwana anabadwa mvula yoyamba itagwa, wamkazi. Anamwino anali amayi ndi agogo anga. Masiku a chikuta anatha, mchombo unagwa, koma panalibe amene anabwera kudzatcha dzina, ngakhale mawu anatumizidwa tsidya lino ndi tsidya linalo. Agogo anadikira, kenako anati, "Mwana sangakhale ngati kamwana ka mbuzi. Mutcheni nokha." A Nambewe anamuyang'ana nthawi yaitali mwana uja, nati, "Mlekeni." Agogo anayesa akuwaletsa kumugwira, nabweza manja. "Iyayi," anatero a Nambewe, "dzina lake ndi lomwelo."

Kuyambira pamenepo patsala panakhala zii. Ankalima okha mwana ali kumsana, ankasenza nkhuni okha, denga la nkhokwe lija analimaliza okha, lopendekeka. Posinja sankaimbanso, munsi wokha ndiwo unkamveka, gu, gu, gu, wopanda mnzake wolandizana naye. Kaligo anamupachika pamtanda wa denga, ndipo nthawi ndi nthawi ankamutsitsa, kumupukuta mwaye ndi m'mphepete mwa nsalu, n'kumubwezera. Madzulo ankakonda kuima kuseri kwa nyumba kumene kunkaonekera mphambano. Ena mwa amuna a tengatenga anayamba kubwera, mmodzimmodzi, mapewa ali zilonda, osafuna kusimba. Aliyense akatulukira, a Nambewe ankaphimba maso ndi dzanja kuyang'anitsitsa kayendedwe kake, kenako n'kubwerera kumtondo.

Mlekeni anali atayamba kuyenda chogwira zipupa pamene uthenga unafika. Unali m'mawa wa chisanu, udzu uli mbuu. Ine ndi a Nambewe tinali kumtsinje, iwo atangosenza mtsuko, pamene kutsidya kunabuka kulira. Tinaima kumvetsera kuti wamwalira ndani. Pakati pa mawu ambirimbiri panatuluka mawu amodzi a nkhalamba, okwera kuposa onse: "Kamwendo mwana wanga ine! Kamwendo, wandisiyira yani?"

A Nambewe anatula mtsuko pansi bwinobwino, osataya ndi dontho lomwe. Anachotsa nkhata pamutu, naiyang'ana ngati sakuidziwa.

Tinamva pambuyo pake kuti mnyamata wina wa kwa Mtalika anali atabwera dzulo lake kuchokera ku tengatenga. Ndiye anasimba kuti a Kamwendo anadwala kamwazi m'njira, analephera kusenza, ndipo anzawo anawasiya pansi pa mtengo atawafunditsa nthambi. Mnyamatayo pobwera anadutsa pamphambano pomwe paja, nyumba ya patsala akuiona, koma uthenga anakautula kwawo.

A Nambewe anamangitsa mwana kumsana n'kulowa m'madzi. Anali asanawolokepo kamtsinje kameneko chibadwire. Asanaponde tsidya linalo, a Mtalika anatsika ndi amuna awiri naima pamchenga. Anali nkhalamba yaitali, ya maso ofiira ndi kulira, ndipo analankhula mwaulemu ngati akulankhula ndi munthu wosochera.

"Mukufuna yani, mayi?"

"Ndabwera kudzalira amuna anga."

"Mwasokera. Kuno kwamwalira mnyamata wosakwatira."

A Nambewe anaima m'madzi ozizira aja nthawi ndithu. Kenako anatembenuka, nakwera pamwala waukulu wa tsidya lino, nakhala pansi miyendo atatambasula. Kutsidya akayamba kulira, iwonso ankalira. Kutsidya akapuma, iwonso ankapuma. Ndinathamanga kukaitana amayi. Amayi anabwera, anangomasula Mlekeni n'kundipatsa, nakhala pamwala pomwepo phewa ndi phewa. A kwa Gwaza ankatiyang'ana ali kumtunda, palibe anatsika. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linalowa, ndipo m'mawa mwake a Nambewe anabwereranso pamwala paja.

Tsiku lometa maliro litafika kutsidya, a Nambewe anabwera kwathu ndi lumo m'manja. Mkazi wamasiye amametedwa ndi abale a mwamuna, ndiwo mwambo. Anagwada pakhomo nati, "Amake Ndaziona, ndikudziwa kuti si ntchito yanu." Amayi anayang'ana agogo. Agogo anayang'ana kumbali, nati, "Ine sindinaone." Amayi anawameta kuseri kwa nkhokwe, ine nditagwira chipanda cha madzi, tsitsi likugwera pamapewa ndi pafumbi. Atatha, a Nambewe anasonkhanitsa tsitsi lawo okha n'kukalikwirira okha. Mutu wawo unaoneka waung'ono kwambiri.

Patapita masabata angapo a Gwaza anafika patsala, koyamba chimangire nyumbayo. A Nambewe anayala mphasa, koma iwo anakana kukhala.

"Zatha tsopano," anatero. "Bwerera kumudzi. Amako akukalamba. Pali munthu wafunsira, wamkulu, wa nkhokwe zake."

"Sanandisudzule a kuchimuna, amalume."

"Akusudzule chiyani? Unali ukwati umenewu? Nkhoswe wake ndani?"

"Ngati sunali ukwati, mwana uyu ndinamutola kuti?"

A Gwaza anayang'ana Mlekeni, amene anali atagwira mwendo wa amake. "Mwanayo ndi wa mbumba yanga. Za atate ake sitidzazitchula. Ukakolola, ndidzatuma anyamata adzakunyamulire katundu. Ukakana, adzanyamula mwana."

Atachoka, a Nambewe anapinda mphasa ija mosafulumira. Amayi anayesa kuwalangiza kuti mwina kubwerera n'kwabwino, munthu sakhala yekha mpaka kale. Iwo anapukusa mutu. "Akakulira kwa amalume, adzamuphunzitsa kutukwana atate ake. Akanakulira kutsidya, akanamuphunzitsa kutukwana ine. Nanga pakamwa pakepo padzatsala chiyani?"

Chimanga chili pafupi kuuma, tinali kumtsinje tikuchapa pamene ndinaona munthu ataima m'mabango a kutsidya. Anali mayi wokalamba, wometa, wopanda mtsuko kapena dengu. Ndinanong'oneza a Nambewe. Atadzutsa mutu anawazindikira: anali amayi awo a a Kamwendo, eni mawu aja tinawamva tsiku la uthenga. Palibe anapereka moni. Nkhalamba ija sinkayang'ana a Nambewe, inkayang'ana mwana amene ankasewera ndi timiyala m'mphepete mwa madzi, atatipatsa msana. A Nambewe anapukuta manja, ananyamula Mlekeni, namutembenuza nkhope kuloza kutsidya, n'kumukweza m'mwamba. Anamugwira choncho mpaka manja anatopa. Mayi aja anagwira pakamwa. Ndinawamva akunena, osati kwa ife, "Mphumi ndi yomweyo." Wina anaitana kumtunda kwawo, ndipo iwo analowa m'mabango mofulumira ngati wakuba.

M'mawa mwake a Nambewe anatsitsa kaligo, anamupukuta, napita naye kumtsinje. Anamuika pamwala wouma wa pakati pa madzi n'kubwerera. Pofika masana kaligo panalibe.

A Nambewe anakolola msanga, chimanga chisanaumitsitse. China anapatsa agogo, china anasinja. Tsiku lonyamuka anafika kwathu tambala atangotsika, nkhungu ikadali m'munsi mwa phiri, dengu lili pamutu, Mlekeni ali kumsana. Anati akupita cha ku Domwe, m'dziko la Apwitikizi, kumene anamva kuti kuli malo ndipo munthu safunsidwa za agogo ake. Agogo anawapatsa mbewu ya nyemba. Amayi analira. Ine ndinawaperekeza mpaka pamphambano, ndikuganiza kuti Domwe ndi pafupi, poti phiri lake limaoneka kukakhala kopanda mitambo.

"Mudzabwera liti?" ndinafunsa.

"Bwerera, Ndaziona, mame akunyowetsa," anatero, n'kundigwira pamutu.

Anyamata a a Gwaza atabwera anapeza chitseko chotsekedwa ndi mtengo. Anatukwana pang'ono n'kubwerera. Nyumba ija inaima mvula ziwiri, yachitatu denga linagwera m'kati. Amayi awo a a Nambewe ndinawaonapo kamodzi ataima pabwinja paja, mtolo wa nkhuni uli pamutu, akuyang'ana pamene panali khomo. Chidani cha mabanja awiri aja chinatha chokha patapita zaka, nkhalamba zitatha kufa. Lero adzukulu awo amakwatirana, ndipo ukawafunsa za mwabvi uja amaseka, sadziwa. Dzina la a Kamwendo palibe amalikumbuka tsidya lililonse.

Za a Nambewe sitinamvenso. Ndafunsa ogulitsa mbatata, ndafunsa obwera kumaliro kuchokera kumalire, ndafunsa ngakhale asisitere amene anagwirako ntchito kumeneko. A Nambewe ayenera kuti anagona kalekale. Koma mwana uja ndinamubereka kumsana wanga, ndikudziwa kulemera kwake, ndipo ngati ali moyo ndi gogo ngati ine. Ndikapita kumsika ku Dedza, masiku amene amayi a kutsidya kwa malire amabwera ndi nyemba, ndimayenda pang'onopang'ono pamzere wawo ndikuyang'ana nkhope za okalamba. Chaka chatha ndinaona wina wamtali, woonda, akumanga thumba atandipatsa msana. Ndisanaganize n'komwe ndinaitana mokweza, "Mlekeni!"

Mzere wonse unatembenuka. Mnyamata wina amene ankakangana ndi wogula anasiya mkono wa mnzake. Mayi wamtali uja anandiyang'ana ndi nkhope yachilendo, nafunsa mwaulemu, "Timleke yani, agogo?"

Ndinagula nyemba zake, ngakhale kunyumba zinalipo.